Khungu la Kenan M'kabotolo

Mvula ya mu Malichi 1985 inakokolola kamlatho ka pamsewu wa ku Kaporo, basi n'kukaima tsidya lina. Wofuna kukwera ankayenera kuwoloka madzi ofika m'chiuno.

Esnart, namwino wachitsikana wochokera ku Ntcheu, anaima pasiteji atakumbatira kabokosi kathabwa. Ayufi, anyamata achipani olondera pasiteji, anali atamuona kale khadi lachipani, koma za mmene angawolokere sizinawakhudze.

"Mwaghona, a nesi," anamulonjera m'Chinkhonde mnyamata wina wamtali, atapinda buluku mpaka m'ntchafu. "Muli golide m'kabokosimo?"

"Muli anthu."

Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo, Esnart n'kuphulika nako kuseka.

"Musathawe, achimwene. Ndi tizidutswa ta khungu la odwala, tating'ono ngati njere ya mpunga. A dokotala akakayikira banga la pathupi amadulapo pang'ono, ine n'kuika m'kabotolo ka mankhwala oletsa kuwola, n'kulembapo dzina. Ndikasiya ku Boma, timabotoloto timapita ku Blantyre. Kumeneko amatiyang'ana pa maikulosikopu kuti adziwe ngati ndi khate kapena ayi."

"Ndiye khungu la anthu a kwathu likufika ku Blantyre, ine sindinapitirirepo Mzuzu? Bweretsani ndikusenzereni. Ndine Kenan. Ndikamira mukanene kuti ndinafera boma."

Anasenza kabokosiko pamutu, Esnart atagwira malaya ake kumbuyo. Madzi ankazizira, koma mtsikanayo anafika tsidya mtima ukutentha, ndipo anadzidabwa yekha.

Kuyambira pamenepo njinga ya Kenan inadziwa njira ya ku kachipatala komwe Esnart ankagwira ntchito. Lero wabweretsa mpunga wa kilombero, mawa nthochi, mkuja chambiko, mkaka wowawasa womwe Esnart ankaumeza atatsinzina kuti asamukhumudwitse. M'thumba la mpunga simunkalephera kapepala.

"Duwa langa la ku Ntcheu, ndikamaweta ng'ombe ndimaziuza za iwe. Zavomereza kale."

Esnart naye sanali wosowa mawu. "Kenan wanga, uza ng'ombezo zidye kwambiri. Ku Ntcheu n'kutali."

Loweruka lina, dzina la Esnart linamveka pawailesi m'pulogalamu ya malonje, moni wochokera kwa Kenan. Odwala a pabenchi anaomba m'manja, Esnart n'kuthawira m'chipinda cha mankhwala akumwetulira ngati wopusa. Anali m'chikondi mpaka m'khosi, ndipo sankafunanso kuvuuka.

Tsiku lina m'chilimwe Kenan akupopa njinga, Esnart anaona banga lotuwa pamwamba pa chigongono chake chakumanja.

"Ichi chinayamba liti?"

"Chikanga chabe, dali."

"Tsinzina." Anamukhudza pabangapo ndi thonje. "Wamva?"

"Ndamva fungo lako lokha."

Esnart sanaseke. Anamukokera kwa bambo Reginald, dokotala wa pamalopo, womwe anapimapima n'kupukusa mutu.

"Pena akumva, pena sakumva. Mankhwala a khate sitipereka mongoganizira. Tidule, a ku Blantyre atiuze."

Anamubaya jekeseni woziziritsa, n'kudula kachidutswa. Esnart anakalandira m'kabotolo, natseka, nalemba dzina la bwenzi lake.

"Watenga kachidutswa," anamunong'oneza Kenan. "Wotsalayu udzamutenga liti?"

"Zotsatira zikabwera. Kaya zinene chiyani, ine sindikusiya."

Lachinayi la sabata imeneyo, tsiku lotumiza kabokosi, pachipatala panadzaza ana a chikuku. Esnart analibe ngakhale mpata womwa madzi. Kenan anatulukira pawindo.

"Ndipatse ndikakusiyire ku Boma. Ndikupita komweko kukagula goli la ng'ombe."

Anamupatsa ndi manja awiri. Akanamukayikira chifukwa chiyani, munthu woti khungu lake lomwe linali momwemo?

Patapita milungu ingapo zotsatira zinabwera. Za mayi wa ku Ngara zinalipo, za mphunzitsi wina zinalipo, za Kenan panalibe. Esnart anakaimba lamya ku positi, nakalipira anthu osawadziwa a ku Blantyre, iwo n'kumalumbira kuti botolo la dzina limenelo sanalione. Anatuluka akutukwana chamumtima ulesi wa anthu a m'tauni.

"Tidulenso pena," anauza Kenan.

"Zisiye, mtima wanga. Ndili bwino ine. Taona mikonoyi."

Masiku amenewo Kenan ankamukonda moposa kale, mphatso zosatha, koma ikangoyamba nkhani ya botolo maso ankathawira kudenga. Esnart ankati ndi mantha a mpeni. Amuna ambiri ngolimba mtima pamaso pa ng'ombe yolusa, koma akaona jekeseni amatuluka thukuta.

Choonadi anakumana nacho kumsika, akusankha tomato. Patsogolo pake panaima mayi wina wojintcha.

"Ndinu a nesi a botolo? Ine ndine Keziya, mlongo wake wamkulu wa Kenan."

Esnart anapinda mawondo mwaulemu. "Ndasangalala kukuonani, achemwali."

"Musasangalale. Mkazi wanji amatenga mnofu wa mwamuna n'kuutsekera m'botolo, n'kulembapo dzina? Mukuyesa ife sitidziwa kondaine? Mwanayu anasiya kudya, kumunda amangoimba dzina lanu. Botolo lanulo tinalikwirira pachulu. Dzenje anakumba yekha."

Tomato anagwa m'manja mwa Esnart.

"Anakumba yekha?"

"Ena," anavomera m'Chinkhonde, "yekha. Ndiye mankhwala anu atha ntchito. Mutisiyire mwana wathu."

Esnart anayenda mpaka kunyumba osaona njira. Miyezi yonseyi iye akukalipira anthu osalakwa, akupemphera mpaka mawondo kuwawa, Kenan akudziwa pomwe pali botolo? Pakamwa pomwepo pomutchula duwa mpomwe panavomera kuti iye ndi mfiti? Analira mpaka mutu kuwawa.

Madzulo ake belu la njinga linalira pakhomo. Esnart anatuluka n'kuima pakhonde.

"Dali, watani maso?"

"Ndakumana ndi achemwali anu, bambo Kenan."

Ulemu umenewo unamulasa kuposa mbama. Anatsika panjinga.

"Esnart, ndimvere. Ndinali ndisanakondepo munthu chonchi. Ndinkadziona ngati ndapenga. Akeziya atanena za mankhwala, ndinaopa kuti mwina chikondichi si changa. Anati tikakwirira ndidzadzuka nditakuiwala. Ndinadzuka ndikukufuna kuposa dzulo lake! Pamenepo ndinadziwa kuti ndalakwa, koma manyazi anandimanga pakamwa."

"Munandiyesa mfiti, kenako munandinamiza tsiku lililonse. Mwakwirira thanzi lanu pachulu kuti muyese mtima wanga. Pitani. Mukafuna chithandizo, chipatala chimatsegulidwa m'mawa."

Anatseka chitseko, n'kutsamira komweko mpaka phokoso la njinga litazilala.

Mvula inagwa, anthu anayamba kutipula minda ya mpunga. Matumba a kilombero ankapezeka pakhonde, Esnart n'kumagawira odwala. Timapepala ankatisonkhera moto osawerenga. Ankadziuza kuti wamuiwala, koma belu la njinga iliyonse linkamudzutsa pampando.

M'mawa wina anamupeza pabenchi, pamzere pamodzi ndi amayi a sikelo, dzanja lakumanja atalikulunga nsanza. Pambali pake panakhala Keziya, atazolika.

"A nesi," anatero Kenan, "chingwe cha ng'ombe chinandisupula chala dzulo polima. Ndinangoona magazi. Sindinamve chilichonse."

Esnart anamasula nsanzayo. Chala chaching'ono chinali chilonda chokhachokha, koma mwiniwake sanatsinye nkhope ngakhale pomwe ankachitsuka ndi mankhwala oluma. Mkwiyo wonse unamuthera Esnart, m'malo mwake munalowa mantha.

Bambo Reginald sanachedwe. "Apa sitikayikanso, mankhwala tiyamba lero. Koma khungu lipitebe ku Blantyre, tidziwe mtundu wake ndi kutalika kwa chithandizo."

Kenan anapinda yekha mkono wa malaya. "Dulani pomwe mukufuna. Akeziya, bwerani muone ndi maso anu."

Keziya anaonerera zonse, kudula, kabotolo, kulemba dzina. Anaona ndi timabotolo tina m'bokosimo, ta nkhalamba, ta amayi, ta ana.

"Onsewa ndikuwafuna ukwati?" anamufunsa Esnart.

Keziya anagwira pakamwa. "Mundikhululukire, mlamu. Ndine ndapweteka mwanayu."

Ulendo uno kabokosi anakaperekeza ndi Esnart mwini, mpaka kukaona kakulembedwa ku Boma.

Tsiku lomwe yankho linafika, Esnart sanadikire kuti Kenan abwere. Anabwereka njinga n'kupalasa m'matope mpaka kumunda, diresi lake loyera la unamwino litasanduka lofiira. Anthu ookera mpunga anaweramuka kumuyang'ana.

"Kenan! Ndi khate lopepuka lija! Miyezi isanu ndi umodzi ya mapiritsi, basi, uchira!"

Kenan anataya mbande zomwe zinali m'manja n'kuthamangira kumtunda, madzi akuthovoka. Atafika pafupi anaima, osadziwa ngati n'kololedwa kumuyandikira.

"Nanga chalachi?"

"A dokotala akuti mtsempha unaonongeka. Tikanayamba nthawi ija chikanapulumuka. Sichidzamvanso."

Kenan anayang'ana dzanja lakelo kwa kanthawi.

"Chala ndachitaya ndekha. Koma Esnart, ndakutaya ndi iwe? Amalume akonzeka kupita ku Ntcheu. Ndikulonjeza, sindidzakubisiranso kanthu, ngakhale kochititsa manyazi."

Kenan anadikira, maso ali pankhope pa Esnart, mpaka mapewa anagwa.

"Ndamva," anatero motsitsa. "Sindikudandaula. Ndinadzichitira ndekha."

"Kenan, ndakugwira dzanja kalekale."

Anayang'ana pansi. Zoonadi, zala za Esnart zinali zitakulunga chala chake chaching'ono chija, ndipo iye sanadziwe. Misozi inalengeza m'maso mwa onse awiri.

Esnart anasuntha dzanja lake pang'onopang'ono mpaka pachikhatho, n'kufinya.

"Apa?"

"Ena. Apo ndikumva."

"Ndiye auze amalumewo anyamuke."