Nkhanga Yoduka Mutu

Anthuni, nkhani ya Elifala inayambira pasiteji ya basi pa Madisi, chaka cha riferendamu chija, anthu akukangana za nyali ndi tambala. Tsiku limenelo matola onse anali atapita kukatuta anthu kumsonkhano wa chipani. Elifala, namwali wa zaka makumi awiri wa kumudzi wina wa kunjira ya kwa Chisepo, anangoti chilili padzuwa ndi kachigubu ka palafini, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

Kenaka belu la njinga linalira pambali pake. Ngiri ngiri!

"Chemwali, mukati mudikire galimoto lero, mumera mizu pamenepa."

"Ndimere kumene. Miyendo ndi yanga," anayankha Elifala osatembenuka.

Koma anaba kuyang'ana. Mayo! Mnyamata wake wamtali, malaya oyera osita bwino, ndipo pakaliyala ya njinga anali atamangapo Baibulo ndi mphira. Mnyamatayo anamasula Baibulo lija, n'kulilowetsa m'malaya pachifuwa, n'kupukuta kaliyala ndi kampango.

"Dzina langa ndine Fletcher. Ndimasankha fodya pa esiteti ya kuseri kwa phiriko, komanso ndine wotsogolera kwaya. Kwerani. Mawu a Mulungu ali kutsogolo, inu kumbuyo, ndingagwe bwanji?"

Ndani akanakana? Elifala anakwera. Pofika kumudzi, Fletcher anali atadziwa kale kuti mtsikanayu ndi Naphiri, ndipo Naphiriyo anali ataiwala kachigubu kake pansi pa mtengo pomwe anapumira.

Chibwenzi chinayaka ngati moto wa lupsa. Fletcher pakamwa pake panali uchi, inu!

"Naphiri wanga, duwa la m'phiri la Ntchisi! Nthiti yanga imene Mulungu anandibisira ku Madisi! Ndikakuona, ngakhale fodya wa giredi yotsika amaoneka golide."

"Mumawauza onse choncho."

"Onse ati? Ine ndinalumbira: mkazi mmodzi, mphete imodzi, manda amodzi."

Mvula itatha, anabweretsa chikole, mphatso ija mwamuna amapereka posonyeza kuti mkaziyu watengedwa. Chinali chitenje chobiriwira cha nkhanga zoyera mawangamawanga. Masiku amenewo aliyense ankangovala nsalu za zipani, ndiye chitenje chotere kunalibe wina anali nacho dera lonselo. Fletcher anati anachigula kwa wamalonda wina wochokera ku Chipata.

Elifala anachitambasula akumwetulira, kenaka anaphulika nako kuseka.

"A Fletcher, nanga nkhanga iyi mutu wake uli kuti?"

Zoonadi, kumphepete kwenikweni nsaluyo inadulidwa mokhota, ndipo nkhanga yomalizira inatsala thupi lokha.

"Ndi wogulitsa uja, lumo lake linali lobuntha," anatero Fletcher akukanda m'mutu. "Koma tamvera, uchi wanga. Chitenjechi uchisunge m'sutikesi. Usachivale mpaka tsiku la ukwati. Zinthu zopatulika sizionetsedwa pamsewu."

Elifala anachipinda bwinobwino. Mumtima ankangoti: kodi alipo mtsikana wamwayi ngati ine?

Koma chimwemwe sichikhala chokha. Mukwaya ya Fletcher munali Faines.

Faines anali mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe, amene ankalima fodya pa esiteti yomweyo. Wofatsa, wamanyazi, koma akatsegula pakamwa kuimba, tchalitchi chonse zii. Ndipo kwaya ikaweruka, Fletcher ankamukweza pakaliyala. Inde, kaliyala yomwe ija!

Amene anabweretsa nkhaniyi ndi Diana, mnzake wa Elifala wogulitsa zitumbuwa pamphambano. Diana sichimudutsa chinthu.

"Asisi, dzulo ndawaona ndi maso angawa. Potsika pachitunda paja, kamtsikana kaja kanamugwira m'chiuno. Osati malaya ayi, m'chiuno!"

Elifala nsima inamukanika tsiku limenelo. Ankangoona dzanja la Faines. Linagwira mbali iti? Anaseka? Kodi nayenso ankamutcha duwa? Lamulungu lotsatira sanamve ulaliki ngakhale liwu limodzi. Maso ake anali pa Faines basi, kuwerenga kuti Fletcher wamuyang'ana kangati akukweza dzanja kuti ayambe nyimbo.

Atatuluka, anamudikira Fletcher kuseri kwa tchalitchi.

"Kaliyala ija yasanduka basi ya aliyense eti?"

"Naphiri, Naphiri," Fletcher anapukusa mutu ngati abusa. "Mwana wa eni ayende wapansi mtunda wonse uja ine ndili ndi njinga? Ndi mlongo wanga mwa Ambuye. Suwerenga kodi kuti chikondi chenicheni chilibe nsanje? Nsanje ndi ntchito ya thupi. Ukapemphere."

Elifala anachita manyazi. Anapempheradi, mawondo mpaka kuchita zikang'a. Koma nsanje imamva pemphero? Ankati akati "Amen", dzanja lija labweranso.

Diana ndiye anathira mafuta pamoto.

"Iwe ukhalira mavesi, anzako akudya. Mwamuna sasungidwa ndi nyimbo za m'buku. Mupatse chimene akusowa, uone ngati atakwezenso wina."

"Diana, ndi tchimo limenelo!"

"Tchimo? Kulandidwa mwamuna ndiye dalitso?"

Mawu amenewa anamuzunguza mutu sabata yonse. Ndipo masana ena, antchito atapita kukadya, Elifala anapita ku esiteti atanyamula mbatata yootcha. Anamupeza Fletcher yekha m'chigafa choumitsiramo fodya, masamba ali lendelende pamikangala. Anamuyandikira n'kutsamiritsa mutu pachifuwa pake.

"A Fletcher, tikukwatirana ndithu. Ngati pali chimene mukuchifuna kwa ine... musakachifune kwina."

Fletcher anabwerera m'mbuyo ngati waponda moto.

"Elifala! Thupi lako ndi kachisi wa Mzimu Woyera. Ine sindingadetse kachisi. Ndikufuna udzalowe m'tchalitchi utavala zoyera, mutu uli m'mwamba. Tidikire, wapamtima wanga. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, ndidzakudikira."

Elifala analira njira yonse. Misozi ya manyazi, komanso ya chimwemwe. Mwamuna woyera chonchi, iye n'kumamuganizira zoipa? Anagwada pansi pa mtengo wa msuku n'kupepesa kwa Mulungu, ndipo analumbira mumtima kuti adzadzisunga, zivute zitani.

Ngati kuti pemphero layankhidwa, Faines anasiya kubwera kukwaya. Mwezi unatha, wina unatha. Ena ankati akudwala malungo, ena ankati bambo ake amuletsa. Elifala sanafunse. Kunena zoona, anakondwa!

Ankhoswe anakumana, zonse zinalongosoka, ndipo ukwati unayamba kulengezedwa m'tchalitchi. Paja mwambo wake ndi woti aulengeze Malamulungu atatu, kuti ngati wina akudziwa choletsa anene. Loyamba linadutsa. Lachiwiri linadutsa.

M'mawa wa Lamulungu lomaliza, Diana anafika akupuma wefuwefu.

"Wamva? Faines akubwera kutchalitchi lero. Amayi ake anena pachigayo."

Nsanje ija inadzuka ngati njoka yopondedwa mchira. Akubwera kudzatani, lero lenileni? Elifala anatsegula sutikesi n'kutulutsa chitenje cha nkhanga.

"Paja anakuletsa," anatero Diana.

"Achione! Adziwe kuti chikole chili ndi ine."

Anachimanga pamwamba pa diresi lake n'kukakhala kutsogolo, kumbali ya amayi. Fletcher, ali pamaso pa kwaya, atangochiona nkhope inagwa. Elifala anaganiza kuti wakwiya chifukwa cha kusamvera. Koma anazindikira kuti maso a Fletcher sakukhala pa iye. Ankadumphira kumbuyo, kukhomo.

Anacheuka.

Pabenchi yomalizira panali Faines, atawonda nkhope, maso ali pansi. Ndipo anali atavala chitenje chobiriwira cha nkhanga zoyera, atachimanga pamwamba, pansi pa mabere, monga amangira amayi oyembekezera.

Amayi achigwirizano anayamba kugwedezana ndi zigongono. Faines atakweza maso n'kuona chitenje cha Elifala, anagwira pakamwa n'kutuluka. Elifala anamutsatira. Anamupeza atatsamira khoma, pansi pa zenera.

"Chitenjecho unachitenga kuti?"

Faines anangolira.

"Ndikufunsa iwe! Unaba? Unagula kuti undipsetse mtima?"

"Ndi chikole changa, achemwali," anayankha motsitsa. "Anandipatsa a Fletcher mvula itangotha. Anati ndichisunge, ndisachivale mpaka tsiku la ukwati. Anati za inu ndi zokakamizidwa ndi akuluakulu, zitha zokha. Lero ndavala kuti mwina akandiona akumbuke."

"Bodza!"

Elifala anamasula chitenje chake mwaukali, n'kugwira mphepete mwa cha Faines, n'kuzilumikiza pakhoma. Mzere wokhota uja unagwirizana ndendende. Thupi la nkhanga linali kwa Elifala. Mutu wake, ndi kadiso kake kakuda, unali kwa Faines.

Nsalu imodzi, anthuni! Anangoidula pakati.

Elifala anayang'ana mimba ija. Anakumbukira m'chigafa muja, mmene analirira, mmene anapepesera kwa Mulungu. Ankafuna amumenye Faines, amukande nkhope. Koma dzanja linakana. Mtsikanayo ankanjenjemera ngati mwanapiye wonyowa, ndipo mapazi ake anali otupa chifukwa choyenda wapansi kuchokera ku esiteti. Kaliyala ija inali itamuthera.

Pazenera panamveka mawu a mkulu wa mpingo:

"Tikulengeza komaliza ukwati wa Fletcher Mbewe ndi Elifala Phiri. Ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa awiriwa kukwatirana, anene tsopano."

Akanangokhala chete, mwamuna anali wake. Diresi loyera linali litasokedwa kale. Faines, mwana wa tenanti, akanayankhula pamaso pa anthu onsewo? Sakanatha. Elifala akanapambana!

Anagwira dzanja la Faines n'kulowa naye.

"Ndilipo ine."

Tchalitchi chonse chinatembenuka. Mkulu wa mpingo anavula magalasi.

"Mwana wanga, iwe ndiwe mkwatibwi."

"Ndikudziwa, abambo. Choletsa chake ndi ichi." Anakweza nsalu ziwiri zija pamodzi, nkhanga ili yathunthu.

Phokoso lake! Amayi ena anagwira m'mutu, anyamata a kwaya anazyolika. Abusa anaimitsa zolengeza n'kunena kuti nkhaniyi ikambidwa ndi akulu a mpingo. Mapemphero atatha, Fletcher anamuthamangira Elifala pansi pa mibulugama.

"Naphiri wanga, uchi wanga, tandimvera! Ndi Satana ameneyu. Ndinagwa, inde, koma iwe ndinakulemekeza. Sindinakukhudze! Iwe ndiwe woti ndikwatire. Uja ndi... uja ndinangophunthwa."

"Ndiye ine ndinali kachisi, mnzangayu chigafa?"

"Usayankhule ndi nsanje. Paja chikondi..."

"Musayerekeze!" Elifala anamudula mawu. "Vesi limenelo mwandimanga nalo pakamwa kokwanira. Mulungu amene mumamuimbira uja nayenso safuna kugawana munthu wake ndi wina. Ndinkapepesa chifukwa cha nsanje, chonsecho maso anga ankaona zoona. Kuyera munkakufuna pa thupi langa, a Fletcher. Nanga pa lanu?"

Fletcher anatambasula manja. "Chabwino, ngati ukubweza chikole, bweretsa."

"Si chanu."

Elifala anapita pomwe Faines anakhala yekha pamuzu wa mtengo. Anapinda chitenje chija mosamala, monga ankachipindira m'sutikesi, n'kuchiika pamiyendo pake.

"Ukachisoke chibwerere pamodzi. Mwanayo adzafuna mbereko yaikulu."

Faines anachikumbatira n'kulira mokweza.

Elifala ananyamuka ulendo wa kumudzi ndi diresi lake lokha. Sanafune kuti amuone akulira, ndiye anadikira mpaka atadutsa pachigayo. Pamenepo ndiye misozi inatsika, yotentha, yosaletseka. Ankamukondabe, inu. Mtima suzima ngati nyali.

Kumbuyo kwake belu linalira. Ngiri ngiri! Ngiri ngiri!

"Naphiri! Dzuwali lakula, kwera ndikakusiye!"

Elifala anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Sanacheuke.

"Pitani. Miyendo ndi yanga."