Njinga ya Pakhomo, Nambala 14

Moni nonse owerenga okondedwa. Ndiyambe ndi kuthokoza Ambuye amene atidzutsa ndi miyendo yoyenda, kenako ndikusimbireni za Ha-yun, mtsikana woimba naye m'kwaya yathu kuno ku Chuncheon.

Chipale chofewa chikagwa m'nyengo yozizira, opalasa njinga amathawira m'nyumba, pa njinga zosayenda zija zokhala ndi kagalasi kosonyeza mawati, mphamvu imene miyendo ikutulutsa. Ku kalabu, akulu ndiwo amayamba kusankha njinga, wamng'ono n'kutola yotsala. Ha-yun inamugwera nambala 14, ya pakhomo, pamene mphepo imaluma akakolo.

Pamenepo ndi pomwe anamupeza Tae-seok, kaputeni wa kalabu, mwini nambala 1.

"Chemwali, ukupalasa kapena ukupemphera?"

"Zonse ziwiri, akaputeni."

"Za ukaputeni zisiye. Uzinditchula oppa."

Oppa m'chilankhulo cha kuno ndi "achimwene", koma mtsikana akayamba kutchula choncho mnyamata amene si mbale wake, ife akuluakulu timangoyang'anizana. Mauthenga a Tae-seok anayamba kugwa pa foni ngati mvula. "Kanjiwa kanga, wadya?" Tsiku lina: "Maluwa akaphuka tidzakwera phiri limodzi pa mpikisano wa awiriawiri. Pamwamba ndidzakuuza mawu amene amayi ako akudikira."

Ha-yun ankachoka ku mapemphero a m'bandakucha n'kulunjika pa njinga. Thukuta linkachita kudontha pansi, koma kagalasi kankangoti 150. Ka Tae-seok kankati 300! Miyezi itatu, nambala osasuntha. Kodi Mulungu anam'mana chiyani?

Kenako unabwera uthenga wa Tae-seok: "Usakhumudwe. Manambala sanama. Ndikwera ndi So-dam, iye amafika 220. Mwina njinga si zako. Ndipo za ife, tiyambe tapuma."

Analira mwana wa eni! M'mawa mwake anapita ku kalabu kukatenga nsapato zake kuti asadzabwererenso. Anapeza Dong-hwi, mnyamata wofatsa wokonza njinga, atagwada pa nambala 14 ndi sipanala.

"A Ha-yun, musanapite, mundipalasireko kamphindi. Ndamangirira mapedulo anga oyezera mphamvu. Awa ndinawayesa bwino."

"Mukufuna mundisekenso?"

"Ine kuseka sindidziwa, funsani amayi anga."

Anakwera ndi mkwiyo, napalasa mphindi makumi awiri. Kagalasi kanati 150. Foni ya Dong-hwi, yolumikizidwa ku mapedulo, inati 212.

"Njinga iyi imakuberani," anatero Dong-hwi. "Choyezera chake chinasokonekera kalekale, kuzizira kwa pakhomo n'kumawonjezera. Akulu onse amadziwa, n'chifukwa chake saikwera."

"Oppa naye amadziwa?"

Dong-hwi anayang'ana pansi. "Ndiwo anandiletsa kukhudza njinga zonse. Ndikakonza iyi ndiyenera kukonzanso nambala 1, ndipo ija imawonjezera. Ya a So-dam chimodzimodzi. Ndinaopa kuyankha munthu wamkulu. Ndinachimwa, ndikhululukireni."

Apa ndiye mtima unasweka kawiri. Munthu womutcha kanjiwa ankamuona akudzida tsiku ndi tsiku, n'kukhala chete kuti 300 yake isagwe! Sikelo yabodza Mulungu sakondwera nayo, abale.

Ha-yun anapukuta misozi. "Inu mumafika angati?"

"200 basi. Koma enienitu."

"Chilango chanu ndi ichi: mukwera nane phiri."

Tsiku la mpikisano, Tae-seok anawaona pa mzere woyambira, naseka. "Ha-yun, wabwera ndi makaniko kuti akukankhe?"

"Tionana kumtunda, akaputeni."

Phiri lilibe kagalasi. Msewu utayamba kuimirira, Ha-yun, wopepuka ngati mpheta, ankangokwera, Dong-hwi akuwefuka kumbuyo kwake. Pa khona lachisanu ndi chiwiri anapeza Tae-seok atayasama kukamwa, njinga ikupepeluka, So-dam akumukalipira.

"Kanjiwa kanga, dikira! Tikambirane!"

"Manambala sanama, akaputeni!"

Sanacheuke. Anacheukira Dong-hwi yekha: "Tsatirani tayala langa, musandisiye!"

"Inu ndi amene mukundisiya!"

Anachepetsa liwiro pang'ono, nafika pamwamba mawilo ali pamodzi, achitatu mwa magulu makumi anayi. Ife a kwaya tinali pamenepo ndi tiyi wa balere ndi mpunga wokulunga, ndipo tinaimba mpaka mawu kusasa. Aleluya!

Dong-hwi anagona chagada pa udzu. "A Ha-yun, mawu okoma ine sindiwatha. Koma sindidzakuuzani nambala yabodza moyo wanga wonse."

"Dzukani kaye, oppa. Amayi anga akubwera apo, mukawapatse moni bwinobwino."

Mphete Dong-hwi anamuveka masamba akufiira chaka chomwecho. Njinga zonse za kalabu zinakonzedwa, ndipo Ha-yun amakwerabe nambala 14, tsopano mwa kufuna kwake.

Iwe mwana wanga amene unayezedwa pa sikelo yopotoka n'kuuzidwa kuti ndiwe wochepa, Ambuye amene anaumba miyendo yako akuonetse mphamvu zako zenizeni, akupatse mnzako wonena zoona, ndipo akufikitse pamwamba pa phiri lako. Ameni.