Dzanja Lopanda Mtanda

A Ghattas anatuluka m'nyumba ya ansembe mwezi utalowa kale, tiyi wawo atamusiya wosamwa. Mkangano ndi umene unawachedwetsa. Iwo ndi a Wissa, mnzawo wa paubwana, anayamba kukadali dzuwa kulimbana za tsiku la chiweruzo, mpaka Abuna, wansembe wokalamba uja, anagona pampando.

"Nkhosa kumanja, mbuzi kumanzere, basi!" anatero a Ghattas akumenya tebulo. "Wokana Khristu alibe chake."

"Nanga bwanji pamenepo Ambuye akufunsa za njala ndi ludzu, osati za mtanda wa padzanja?" a Wissa anawabweza. "Ukuyesa kumwamba kuli mlonda wouma mtima ngati iwe? Mawa tikupempherera akufa. Mlole mkazi wako apereke dzina la mwana wanu kwa Abuna, bambo a Abadir iwe."

Dzina limenelo ndi limene linawadzutsa pampando. Anatola ndodo n'kutuluka, nyali ataiwala.

A Ghattas anali mlonda wa pakhomo la tchalitchi. Aliyense wolowa ankapinda malaya, iwo n'kuyendetsa chala chachikulu pa kamtanda ka mphini kamene Mkhristu wa dziko limenelo amatemedwa pamkono ali khanda, kuti aone ngati sikojambula chabe. Maso anali atachita ng'ala, koma chala sichinkawanamiza. Abadir, mwana wawo yekhayo wamwamuna, anapita ku Cairo kukamanga nyumba, ndipo anabwerako akunena kuti Mulungu kulibe, mtanda atauwotcha ndi chitsulo chamoto. Tsiku lina anaperekeza mayi ake odwala kutchalitchi. A Ghattas anagwira mkono, napeza chipsera, namubweza pakhomo anthu akuona. Kuyambira pamenepo analumbira kuti dzinalo silidzatulukanso pakamwa pawo. Mkazi wawo Demiana ankawapempha chaka ndi chaka kuti mwanayo atchulidwe m'pemphero la akufa, iwo osamva. Chisoni anali nacho ndithu, koma ankachibisa mu ukali.

Njira yakwawo inkadutsa m'minda ya nzimbe, kulambalala mpanda wa manda, n'kukafika pangalande pomwe thunthu la kanjedza ndilo linali mlatho. Kunkazizira koopsa. Atayandikira mandawo anamva mapazi m'mbuyo.

Anaima. Mapazi aja anaimanso.

Anayenda. Mapazi aja anayendanso...

"Ndani?"

"Yendani, bambo, njira ndi imodzi," anayankha mawu osasa. Anali munthu wamtali, atadzikulunga mpango kumutu ndi kukamwa.

"Ndiwe wa kwa yani, mwana wanga?"

"Ndine wa pompano."

Pompano panalibe nyumba. Tsitsi linawaima a Ghattas. Anafulumiza miyendo, ndodo ikugunda miyala, koma munthu uja anali pambali pawo, osamveka ngakhale kupuma.

"Ndamva mumadziwa za chiweruzo," anatero mlendoyo. "Kodi pakhomo la kumwamba amayang'ananso mkono?"

"Zalembedwa," anayankha a Ghattas. "Wosakhulupirira waweruzidwa kale."

"Kale? Ife sanatiuze kanthu. Tikungodikira tonse, a mtanda ndi opanda mtanda."

Ife...!

"Kudikirako sikupweteka," anapitiriza. "Chopweteka ndi tsiku ngati mawa. Maina amamveka kuchokera kutchalitchi. Wotchulidwa amatembenuka, nkhope n'kuwala. Ine ndimatchera khutu chaka chilichonse."

A Ghattas anawonjezera liwiro. Anamva madzi. Ngalande! Anaponda thunthu lija mothamanga, osalifufuza ndi ndodo monga mwa masiku onse. Linali lonyowa ndi mame. Phazi linatereka. Ndodo inagwera m'madzi.

"Mayo!"

Dzanja linawagwira. Lozizira ngati mwala wa pachitsime. Linawakoka, n'kuwawolotsa pang'onopang'ono, monga mmene munthu amawolotsera kholo lake.

Ndiye poti ntchito ya zaka zambiri siichoka m'thupi, chala chawo chachikulu chinayenda chokha. Chinatsikira pamkono wa mlendoyo. Chinafufuza mtanda.

Panalibe mtanda. Panali chipsera.

Chokhakhala, chotalika, chopindika kumapeto. Chala chinachidziwa mutu usanadziwe, chifukwa chinachigwirapo kamodzi, pakhomo la tchalitchi.

"Ndibwerere pano," anatero mawu aja mofatsa. "Ndikudziwa kuti sindiloledwa kupitirira. Pitani bwino, bambo."

Dzanja lija linapulumuka. Mapazi anabwerera pathunthu, kulowera kumanda, osati kuchipata, koma kuseri kwa mpanda kumene kuli mtumbira umodzi wokha wopanda chizindikiro.

Kumeneko ndi kumene anamuika Abadir zaka zambiri zapitazo, khoma litamugwera kuntchito. Maliro ake ananyamula anzake omanga nyumba. Mayi ake analira okha. A Ghattas tsiku limenelo anali pakhomo la tchalitchi, akuyang'ana mikono ya ana a eni.

Anagwada m'matope, misozi ya zaka zonse zija ikutsika m'ndevu. Za nkhosa ndi mbuzi sanazidziwenso. Anangodziwa kuti mwana wawo ali kunja, pamphepo, akutchera khutu.

"Abadir!" anakuwa. "Abadir, mwana wanga!"

Kutsidya kwa ngalande, mapazi aja anaima.

Wina anatembenuka.