Kutsokomola kwa pa Khadi la Nyimbo

Bożenka anakumana ndi mnyamata wina, Leszek, pokwerera tiramu, sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda wa Łódź, mu 1971, mtsikanayo akuweruka ku fakitale ya nsalu. Mnyamatayo anali wa tsitsi lofika m'mapewa ndi manja osalala. Munthu wa manja otero amadya thukuta la yani?

Ntchito yake inali yodinda nyimbo pa makadi apulasitiki, aja tinkatumizirana pa positi n'kumaimba pa galamafoni. Ukafuna, ankayamba wajambula mawu ako a moni, nyimbo n'kubwera pambuyo.

Sabata isanathe anam'patsa khadi la chithunzi cha maluwa. Singano itangokhudza, panamveka mawu ake: "Kambalame kanga, nyimbo iyi ndi yako wekha." Apa anatsokomola pang'ono. "Chisanu chikangotha ndidzakukwatira."

Kenaka nyimboyo. Limba linkalira ngati la m'tchalitchi koma loledzera, gitala ngati akuliimba chobwerera m'mbuyo, woimbayo ngati ali pansi pa chitsime. Inali ya Chingerezi. Leszek anam'masulira kuti ikunena za mahatchi obiriwira omwe amamwa madzi pamwezi, ndi mkazi wa tsitsi la utsi woyenda pamwamba pa madenga. Mkaziyo ati anali Bożenka!

Ife oyandikana nawo tinkaimvera pakhoma, mpaka khadilo linayamba kuthetheka ngati mafuta m'chiwaya.

Mayi ake a Bożenka anakayika msanga. "Bwanji sakutchula dzina lako? Tinakubatiza Kambalame ife? Mbalame m'tauni muno zilipo zingati?"

Bożenka anawayankha kuti iwo chikondi chomwe amachidziwa n'cha mbatatesi ndi kabichi basi. Anawauzanso kuti Lamlungu Leszek akubwera kudzam'funsira.

Loweruka masana, Wiesia, mnzake wa pa makina oyandikana, anaitana anzake a kuntchito kudzakondwerera tsiku la woyera amene iye anatengera dzina lake. Atadya nsomba zamchere ndi keke, Wiesia anaulula mwamanyazi kuti ali ndi chibwenzi chachinsinsi. Anatulutsa khadi la chithunzi cha mapiri n'kuika singano.

"Kambalame kanga, nyimbo iyi ndi yako wekha."

Bożenka anadzilimbitsa mtima. Kodi mawu a anthu safanana? Kodi anyamata onse salankhula chomwecho? Anasiya kupuma, akudikira.

Kutsokomola kunabwera, pamalo pomwe paja.

Munthuyo sanadzivutitse n'kunama kawiri komwe! Anajambula kamodzi, n'kudinda mulu. Kumapeto kwa tebulo, Mayi Danuta, kapitawo wawo, mkazi wapabanja, anaika foloko pansi pang'onopang'ono. "Zimitsani chimenecho," anatero. Koma limba linali litayamba kale.

Lamlungu Leszek anafika ndi maluwa ofiira atatu ndi botolo la vodika. Anagogoda. "Kambalame kanga, tsegula."

Bożenka anaima kuseri kwa chitseko, khadi lija ali nalo m'manja, misozi ikuyenderera mpaka m'khosi.

"Tchula dzina langa," anatero.

Ine ndinali nditatsegula chitseko changa pang'ono, ndipo ndinamva ndi makutu angawa. Leszek anayamba watsokomola.