Mzukwa Umene Hester Anaupeka

M'mudzi wa Harrowbeck, kumpoto kwa Mangalande, bambo Ambrose Thwaite ndi akazi awo anali ndi kanyumba ka alendo kodziwika ndi zinthu ziwiri: buledi wotentha, ndi mwini wake wosanama. Mwana wawo Hester anali wansangala, koma waulesi ngati mphaka wapamoto. Ntchito yake inali kusesa chipinda chapamwamba penipeni, ndipo masitepe opita kumeneko ankadana nawo.

Tsiku lina anatsika mothamanga, nati waona mzimayi wovala zotuwa ataima pawindo, choncho iye sadzapondakonso.

Amayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, mzukwa umenewu ukudana ndi tsache ngati iwe. Bweza mawuwo lero lomwe, usanadetse dzina la atate ako."

Hester sanabweze mawuwo. Koma anaiwala mtima wa anthu akwawo. Kumeneko nyumba yakale yopanda mzukwa imachita manyazi. Mbiri ija inakwera sitima mpaka ku London. Alendo anakhamukira ku Harrowbeck, onse kufuna chipinda chomwecho, ndipo Hester, amene ankachisesa kamodzi pasabata, tsopano ankakwezako malasha ndi madzi otentha kasanu patsiku.

Posakhalitsa alendo anayamba kung'ung'udza kuti sakuona kanthu. Atate ake, osadziwa, ankawatsimikizira kuti mwana wawo sanama. Hester anakadandaula kwa mnzake Dorcas, wosoka zovala.

"Iwe, waphika wekha, ndiye pakula," anatero Dorcas akuseka. "Katani yotuwa ndili nayo. Ufa pang'ono kumaso, basi."

Madzulo oti mawa ndi Khirisimasi, alendo akusimbirana nkhani za mizukwa monga mwa mwambo, Hester anatulukira pamwamba pa masitepe atafunda katani ija, kumaso kuli mbuu ndi ufa. Onse anabwerera m'mbuyo. Koma mayi Pargeter, wamasiye wokalamba amene anadikira mzukwa moyo wake wonse, anavala magalasi nayamba kukwera mwaulemu.

"Pepani mayi, kodi munamwalira chaka chanji?"

Hester pofuna kuthawa anaponda katani, nagubuduzika mpaka pansi, mwendo thyo! Mzukwa uja unalira mokweza kuitana amayi ake.

Atate ake anamupukuta ufa kumaso ndi mpango wawo. Pomwepo Hester anaulula zonse, mpaka za tsache. M'mawa alendo ananyamula katundu wawo. Za kuopsezedwa sanadandaule. Chinawapweteka n'choti m'nyumbamo munalibe wakufa aliyense.

Tsiku lomwelo bambo Ambrose anaimirira m'tchalitchi napepesa mudzi wonse chifukwa choikira umboni bodza. Hester atamva ali pabedi analira kuposa mmene analirira mwendo, napempha Mulungu ndi atate ake kuti amukhululukire. Anamukhululukira, koma panapita zaka anthu asanayambenso kukhulupirira mawu a bamboyo popanda kufunsa kawiri.

Anzanga, ulesi ukakutumani kunama, kanani. Ntchitoyo mudzaigwirabe, ndipo manyazi ake adzasenza ndi anthu amene amakukhulupirirani.