Nsonga ya Lamba Wakuda

Shapa, minibasi yochokera ku Mocuba, inafika pa siteji ya Milange dzuwa litapendeka, magalasi ake atafiira ndi fumbi. Anthu anatsika ndi matumba awo, ena ndi nkhuku, ena ana ali kumsana. Wotsiriza kutsika anali mnyamata wamtali, kachikwama kamodzi paphewa. Panalibe womuchingamira. Naye sanafunefune munthu, anangoima maso ali kuphiri la Tumbine.

Suzete anali pomwepo, akuyesa kamera yake pa anyamata a kabaza. Atamuona mlendoyo, chala chinapita chokha pabatani. Koma asanadine, chikhato chachikulu chinatseka diso la kamera.

"Pepani, achemwali. Nkhope yanga ayi."

Suzete anafuna kumuyankha mwaukali, koma maso ake anagwera pa zala zija. Mfundo zake zinali zakuda, zolimba, za munthu wozolowera kumenya thumba la mchenga. Zala zotere ankazidziwa. Mchimwene wake anali nazo.

Mlendoyo anafunsa komwe anyamata a karate amasonkhana m'tauni muno. Suzete anaseka, popeza nayenso ulendo wake wa mawa lake unali wa komweko. Anamufotokozera kuti amaphunzira zojambula ku Nampula, ndipo wabwera kutchuthi ndi ntchito ya kusukulu. Profesora wake, mayi Inocência, ankafuna zithunzi za anthu ali pamasewera, kuphatikiza chimodzi cha nkhope ya wosewera, chokhala ndi dzina lake pansi. Popanda zimenezi, chaka chonse abwereza.

"Nanga bwanji karate? Atsikana anzanu sajambula mpira?"

"Amene anayambitsa gulu la kuno ndi achimwene anga, a Alcides."

Mlendo uja anadzidzimuka. Anasamutsira chikwama paphewa lina, n'kuchibwezanso pomwe chinali. Suzete atamufunsa dzina, anachedwa kuyankha ngati akulifuna m'thumba.

"Telmo," anatero.

Nkhani ya Alcides inkadziwika Milange yense. Anali mnyamata woti akanapita ku Maputo kukaimira chigawo. Koma pampikisano wa ku Quelimane, woimbira atalamula kale kuti asiye, mnzake wopikisana naye anamuponda kumaso. Diso lakumanzere linafera pomwepo. Tsopano Alcides ankalima nyemba ku Majaua pamodzi ndi mayi awo. Suzete sanaliko tsiku limenelo, ndipo nkhope ya munthuyo sanaionepo. Ankangodziwa dzina lake, dzina lomwe kwawo silitchulidwa ngakhale pokwiya.

Gulu la karate linkasonkhana m'chinyumba chakale chosungiramo tiyi, chamdima, dzuwa likungolowera m'mabowo a malata. M'mawa mwake Telmo anafika atavala kimono yoyera ndi lamba wakuda. Atangoponya mwendo kamodzi, anyamata onse anasiya phokoso. Suzete anaiwala kuti wanyamula kamera.

Kodi mtima umapempha chilolezo kwa ndani?

Telmo analola kujambulidwa, koma anaika lamulo lake. Msana inde, manja inde, mapazi inde, nkhope ayi. Suzete atafunsa chifukwa, iye anangoti kwawo anakula osakonda zithunzi, n'kumwetulira mwa njira yoti funso lachiwiri silinabwerenso.

Masiku anayamba kuthamanga. Akaweruka, ankatsika limodzi kumsika kukagula nthochi zochokera tsidya la Muloza, Telmo atanyamula chikwama cha kamera ngati mwana wakhanda. "Inu" anasanduka "iwe" osadziwa kuti zayamba liti. Foni ya Suzete inkangolira ndi mauthenga a Telmo, akumutchula "fofa", kutanthauza wokondedwa.

"Fofa wanga, lero ndinaphonya thumba kawiri. Vuto ndi diresi lako lachikasu lija."

"Ndiye ndisiye kubwera?"

"Ukasiya, ndikagona pakhomo pa atitiya ako mpaka andithire madzi."

Atitiyawo, kapena kuti azakhali, anali a Margret, mayi wobadwira ku Malawi amene ankagulitsa zitenje mumsika, ndipo Suzete ankakhala kwawo akakhala m'tauni. Iwo ankamuona akumwetulira ndi foni, n'kumapukusa mutu. Ankati mnyamatayo ndi waulemu ndithu, amapereka moni atagwira chigongono, koma munthu wanji wosatchula mudzi wake, wosatchula mayi ake? Tsiku lina anamuuza kuti ngakhale chitenje amayamba achitambasula chonse asanagule. Suzete anangoseka, nati atitiya amakayikira ngakhale dzuwa.

Madzulo ena, atakhala pamwala m'mphepete mwa munda wakale wa tiyi, nkhungu ikutsika ku Tumbine, Telmo anamugwira dzanja n'kuliika pachifuwa pake.

"Suzete, ine ndinabwera kuno ndi katundu wolemera mumtima. Iwe ndiwe wandipumitsa. Chilichonse chimene udzamve, udzakumbukire kuti ichi chokha sindinaname: ndimakukonda, ndipo sindidzakusiya."

Mawu okoma bwanji! Suzete anamva "ndimakukonda" yekhayo. Enawo anapita ndi mphepo.

Koma ntchito ya kusukulu sinkayenda. Atatumiza zithunzi zoyamba, profesora Inocência anayankha mosanyengerera. Anati mumdima wa chinyumbacho kamera ikuchedwa kutsinzina, n'chifukwa chake miyendo ikungooneka ngati utsi. Atuluke ndi wosewerayo padzuwa, kamera aikweze liwiro mpaka dontho la thukuta liime m'malere. Ndipo nkhope ili kuti? Misana yokhayokha si ntchito yoti munthu angakhoze nayo. Mwezi ukatha, nthawi yatha.

Suzete anamuchonderera Telmo. Analira, ananyanyala, anasiya kuyankha mauthenga tsiku lathunthu. Telmo anabwera ndi maluwa a m'tchire, anamutchula mayina onse okoma amene ankawadziwa, koma pa nkhani ya nkhope sanasunthe.

Loweruka lotsatira, Alcides anabwera m'tauni pa njinga kudzagulitsa nyemba. Suzete anasangalala kuti anthu awiri amene amawakonda aonana. Anamulembera Telmo m'mamawa. Yankho linafika mwamsanga.

"Mtima wanga, thupi latentha usiku wonse. Undipepesere kwa achimwene."

Choncho Alcides anaonera zithunzi pa laputopu, atakhala pakhonde la a Margret, mutu ataupendeketsa kuti diso labwino lione. Anayamba ndi nthabwala. Anati mlamu wakeyo ayenera kuti ndi wonyansa zedi, apo ayi akubisiranji nkhope. Anaseka yekha. Kenako anafika pa chithunzi china, Telmo atatembenuka, mwendo uli m'mwamba, ndipo kuseka kunatha. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, chavuta n'chiyani?"

Alcides anati palibe, kungoti kaponyedwe ka mwendo kotere si ka ophunzira a dzulodzulo. Kenako analoza m'chiuno mwa Telmo.

"Taona apa. Lamba amamangidwa nsonga zonse ziwiri zikulendewera kutsogolo, zofanana. Uyu nsonga imodzi amaipisa mkati. Pachithunzi chilichonse."

"Mwina amangofuna isamusokoneze."

"Iwe, munthu akalandira lamba wakuda, aphunzitsi ake amamusokera dzina lake kunsonga. Timalionetsa monyadira. Ine langa lija mpaka lero amayi amalipukuta fumbi." Anatseka laputopu pang'onopang'ono. "Wobisa nsonga, akubisa dzina."

Alcides anakwera njinga yake n'kumapita. Suzete anatsala pakhonde. Ankadziuza kuti achimwene angokhala ndi nsanje ya abale, kuti Telmo ndi Telmo basi. Nanga munthu wonyamula kamera yake mosamala chotere anganame bwanji?

Komabe Lolemba anamulembera.

"Mawa m'mawa tikwere ku Tumbine. Ndikufuna dzuwa. Nkhope usaope, udzandipatsa msana."

"Kwa iwe, fofa, ndingalumphe mpaka ku Mulanje."

Kunacha bwino, kopanda mtambo. Pamalo athyathyathya pamwamba pa minda, tauni yonse inkaoneka pansi, ndi mtsinje wa Ruo ukunyezimira chapatali. Suzete anakweza liwiro la kamera monga anauzidwira, n'kuitchera kuti izijambula motsatizana chala chikangokhala pabatani. Anaona Telmo akumanga lamba atamufulatira, anaonanso chala chake chachikulu chikukankhira nsonga imodzi mkati.

Anamuuza kuti alumphe mozungulira. Telmo analumpha. Anamuuza kuti abwereze, akwere kwambiri. Anabwereza, akuseka, akumufunsa ngati akufuna kumupha asanamukwatire. Kimono inanyowa ndi thukuta. Lamba anayamba kukhwefuka.

"Komaliza, amor. Ndi mphamvu zako zonse."

Telmo anathamanga pang'ono, n'kunyamuka. Thupi linazungulira m'malere, kamera ikulira ngati makina osokera. Atatera, dzanja lake linathamangira m'chiuno n'kubwezera nsonga mkati. Zinachitika mwachangu moti diso la munthu silikanaona kanthu.

Koma kamera inali itaona.

Suzete anabwerera m'mbuyo pazithunzi, chimodzichimodzi. Chinali chithunzi chokongola kuposa zonse zimene anajambulapo. Madontho a thukuta anaima m'mwamba ngati mikanda. Fumbi linaima. Ndipo nsonga ya lamba inali itatambasuka mowongoka padzuwa, zilembo za ulusi wagolide zikuwala.

Anachikuza. Anachikuzanso.

Anakhala pansi pa udzu wonyowa. Anawerenga zilembozo kawiri, akuyembekeza kuti zisintha. Sizinasinthe.

Telmo anabwera akupuma mwawefuwefu, akufunsa ngati watuluka wokongola. Ataona nkhope ya Suzete, anayang'ana pakagalasi ka kamera, ndipo kumwetulira kunachoka. Sanayese kukana. Anagwada pomwepo.

"Unadziwa kuti ndine ndani?" Mawu a Suzete anatuluka otsika, ngati a munthu wina.

"Kuyambira pa siteji paja."

"Ndipo unandigwira dzanja."

Iye anayankhula mothamanga, mawu akupunthwa. Anati anabwera ku Milange kudzagwada pamaso pa Alcides, poti chichitikireni zija sanalowenso mumpikisano, tulo sankalipeza. Koma munthu woyamba kukumana naye anali mlongo wake wa yemweyo, ndipo mantha anamutulutsira dzina la msuweni wake. Tsiku lililonse ankati anena mawa. Tsiku lililonse chikondi chinkakula, ndipo kunena kunkavutirako.

"Ndiuze chimodzi chokha," anatero Suzete. "Woimbira atati musiye, unamva?"

Mphepo inawomba m'masamba a tiyi. Mnyamatayo anaweramitsa mutu.

"Ndinamva."

Suzete anatseka maso. Anaona Alcides akupendeketsa mutu pa laputopu, akumutchula munthu ameneyu kuti mlamu. Anaona mayi awo akupukuta fumbi lamba wa mwana wawo. Maluwa aja, nthochi zija, mauthenga aja, zonsezo anazilandira m'manja mwa ndani?

"Fofa, chonde. Nditukwane, ndimenye, koma usakhale chete. Chija ndinakuuza pamwala chija n'choona."

"Dzutsa mutu."

Anadzutsa. Misozi inali itasakanikirana ndi thukuta, dzuwa likumuomba mbali imodzi ya nkhope. Suzete anakweza kamera. Ulendo uno chikhato sichinabwere kudzatseka diso lake. Anadina kamodzi.

Nkhope imene anaipempha mwezi wonse anali nayo tsopano, ndipo ankadziwa kuti chaka sabwereza. Anaimirira, anasasa udzu pa diresi lake lachikasu, n'kukoleka yekha chikwama cha kamera paphewa.

"Njira ya ku Majaua ufunse pa siteji. Achimwene amapezeka kumunda mpaka masana. Upite wekha, nsonga zonse zili panja."

"Nanga ife, Suzete? Ukhala ukundiitanabe?"

Anali atayamba kale kutsika. Anaima, koma sanacheuke.

"Telmo ndinamukonda ndi mtima wanga wonse, koma kulibe munthu wotero. Profesora akufuna dzina pansi pa chithunzi, ndipo ndilemba lenileni." Kenako anatchula dzina lomwe kwawo silitchulidwa. "Tsala bwino, Reinaldo Mualeia."