Amene Ankakweza Mtengo wa Nyumba

Kodi mungalote kuti anali yani munthu amene analimbirana nyumba ndi aphunzitsi a Silvestro ku Vila Coutinho m'chaka cha 1974, mpaka banja lawo la zaka khumi ndi chimodzi linapasuka? Yesani kulingalira pamene mukuwerenga. A Silvestro nawonso analingalira, koma anaphonya.

A Silvestro anali mkamwini kwawo kwa akazi awo, a Rosália, m'mudzi wina ku Lifidzi. Kusukulu ya ansembe ana ankaimirira iwo akamalowa, koma kumudzi analibe mawu. Nyumba anamanga okha, mapichesi anabzala okha, komabe atsibweni a Rosália, a Caetano, sankatopa kuwakumbutsa.

"Mkamwini ndi mlendo, aphunzitsi. Tsiku lochoka mudzanyamula gombeza lanu basi. Mapichesi alibe miyendo."

Apongozi awo, a Benedita, mayi wamasiye, sankanena kanthu. Sakanatha n'komwe, pakuti mwambo sulola mkamwini ndi apongozi ake aakazi kuyang'anana kapena kukambirana. Akakumana panjira, a Benedita ankapatukira m'tchire n'kugwada, nkhope kumbali, mpaka mkamwini atadutsa. A Silvestro ankayesa kuti kukhala chete kumeneko ndi kuvomereza zonena za mlongo wawo.

Mfuti za nkhondo ya ufulu zitaleka kulira, azungu anayamba kulongedza katundu. Mzungu wina wa kantina, sitolo ya ku Vila, anatsikira ku Beira, nasiya nyumba yake ya malata, ya khonde lalitali, m'manja mwa a Bartolomeu, mlembi wakale wa kuboma, kuti amugulitsire. A Silvestro atamva, anaitanira akazi awo pambali.

"Mayi a Emilia, lumbirani kuti simuuza munthu, ngakhale amayi anu. Atsibweni anu akangomva, atitsekera njira."

A Rosália analumbira.

Loweruka anapita onse awiri ku Vila atanyamula tambala, monga munthu amachitira popita kwa ankhoswe. Apa ndi pamene a Silvestro analakwa. Iwo ankadziwa mkhalapakati mmodzi yekha, nkhoswe, amene amamva zonse za mumtima kuti akonze zinthu pakati pa mbali ziwiri. Anayesa kuti wogulitsa nyumba ya mwini ali chimodzimodzi.

"Mwatiyendera ndi ndiwo, aphunzitsi!" anaseka a Bartolomeu, akumukweza tambala uja kuti amve kulemera kwake. "Mzungu akufuna ndalama zokwana makontu makumi anayi. Koma mzungu ali kutali, ife tili pano."

A Silvestro anakhuthula zonse. Anafotokoza za chikamwini, za matonzo a a Caetano, za ndalama za kachewere zimene anasunga zaka zonsezo, ngakhalenso za njinga ndi radiyo zimene akanagulitsa zinthu zitavuta. A Rosália analowa kuchipinda chophikira, napeza mpopi wa madzi m'nyumba momwemo. Anautsegula, madzi anatuluka, misozi nayo inatuluka. A Bartolomeu anaiona misozi ija, ndipo anaisunga mumtima.

"Ndiyamba ndi makontu makumi awiri," anatero a Silvestro.

"Mwayamba bwino. Mubwere Lachinayi."

Lachinayi a Bartolomeu anawalandira ndi nkhope ya pamaliro.

"Pepani, aphunzitsi, kwabwera wina. Wawonjezerapo awiri."

"Ndani?"

"Pakamwa panga ndi posoka. Koma ndi wa kwanu ku Lifidzi komweko. Fumbi la kumapazi kwake ndi lofanana ndi lanuli."

A Silvestro anakweza. Sabata yotsatira winayo anakwezanso. Njinga inapita, radiyo inapita, ndipo aphunzitsi anayamba kuyenda pansi ulendo wa ku Vila. Nthawi zonse ankauza akazi awo okha mtengo umene akanene, ndipo nthawi zonse wopikisana naye uja ankadutsa mtengowo pang'ono chabe, ngati munthu woonera m'thumba mwawo. Ulendo wachinayi a Bartolomeu sanawapatse ngakhale mpando.

"Nyumba yapita, aphunzitsi. Mnzanu wadinda dzulo."

Anafika kumudzi dzuwa likupendeka, napeza a Rosália akupeta nyemba pakhomo. Anawaitanira m'nyumba.

"Munawauza."

"Ndani, bambo a Emilia?"

"Musandipusitse! Atsibweni anu! Wa ku Lifidzi wokhala ndi ndalama zotere ndani, kupatula a Caetano? Mtengo ndimanena kwa inu nokha, mawa lake wadziwika. Kodi makomawa ali ndi miyendo yopitira ku Vila?"

"Ndinalumbira, ndipo sindinauze munthu. Mulungu akundiona."

"Mulungu akukuonani, inde. Zaka khumi ndi chimodzi ndakulimirani, ndakumangirani, abale anu akundiseka. Ndimati mwina mkazi wanga yekha ndi wanga. Kani nanunso ndinu a mbumba ya a Caetano, ine ndine tonde wobwereka!"

A Rosália anagwada, nawagwira miyendo.

"Nyumba ija ndinaifuna ngati inu. Simunandione ndikulira pampopi paja? Tiyeni tikafunse limodzi. Tifune ina, ngakhale yaudzu. Musandisiye ndi mlandu umene sindinapalamule. Ganizirani Emilia, akaweruka kusukulu ndimuuza chiyani?"

"Mumuuze kuti mlendo wapita."

Anapinda gombeza ndi malaya awiri, natenga mabuku awo. Anamenyetsa chitseko mwamphamvu mpaka dothi linagwa pakhoma. A Rosália anatsala pansi akulira mokweza.

Panjira yotulukira m'mudzi a Silvestro anakumana ndi apongozi awo akuchokera kumunda. A Benedita anaona katundu uja, anaona nkhope ija, ndipo anaima kanthawi pakati pa njira. Kenaka anapatukira m'tchire, nagwada, nkhope kumbali. Mkamwini anadutsa. Analowera njira ya ku Domwe, nadumpha malire. Sanalembe kalata, ndipo a Rosália sanawaonenso.

A Benedita anathamangira kwa mwana wawo.

"Rosália, chachitika n'chiyani? Amuna ako akupita kuti?"

Koma lumbiro linali likadali pakhosi.

"Palibe, amayi. Ndisiyeni."

M'mawa mwake a Rosália anakwera galimoto ya kachewere mpaka ku Vila. Analowa kwa a Bartolomeu osaodira.

"Mundiuze amene wagula nyumba ija. Banja langa latha chifukwa cha iye. Ngati ndi atsibweni anga, nenani, ndikawalavulire pamaso."

A Bartolomeu anawayang'ana, natsegula kabati, natulutsa mfungulo ziwiri zomangidwa ndi kansalu.

"Mwandipulumutsa ulendo, mayi. Ndimati ndibwere nazo kwanu Lamlungu. Nyumba ndi yanu, inu ndi aphunzitsi. Wogulayo anati ndilembe maina anu awiri."

A Rosália analandira mfungulo zija.

"Mukuti chiyani?"

"Anamva yekha kuti nyumbayi ikugulitsidwa, nabwera ndi nkhuku, ngati amuna anu, n'kundiuza zonse, ngati amuna anu. Anati wakhala akuona mkamwini wabwino akufota ngati chimanga chobzalidwa pamthunzi, ndipo akuopa kuti tsiku lina adzachoka n'kusiya ana. Ng'ombe zonse zimene malemu anasiya anazitumiza ku Domwe ponena kuti kuli msipu, n'kumazigulitsa imodziimodzi. Anati mwini mbumba asadziwe. Anatinso inu musadziwe, chifukwa ndinu wamantha, akangokukalipirani muulula. Ndinamufunsa kuti bwanji osawauza aphunzitsi eni ake. Anati, pakamwa panga ndi iwo ndipatsegula bwanji?"

"Ndiye munkadziwa! Munkadziwa kuti ndi anthu a khomo limodzi, akugula nyumba imodzi, yoti mugone anthu omwewo!"

"Iye ndinamuuza kuti akulimbana ndi mmwenye wa ku Tete," anatero a Bartolomeu, osachita manyazi. "Mayi, ine si nkhoswe. Ndimagwirira mzungu. Mtengo ukakwera, changa chimakwera. Akanangopatsana moni anthu awiriwo, nyumba ikanapita pa makontu makumi awiri."

"Tambala wathu munadya?"

"Anali wonona."

A Rosália anakhala pansi pa simenti, mfungulo zili m'manja, misozi ikugwera pachitenje. Anaganiza za khonde lalitali lija lopanda wokhalapo, ndi za munthu woyenda yekha kutsidya kwa malire, akumutemberera mkazi wosalakwa. A Bartolomeu anawatsitsira chikalata cha malonda kuti aone okha. M'munsi mwake munalibe dzina lolembedwa ndi wogula, koma chidindo cha chala chachikulu, pakuti wogulayo sankadziwa kulemba. Pambali pa chidindocho mlembi anali atalembapo dzina la mwini chala.

Amene ankakweza mtengo wa nyumba anali a Benedita, mayi awo a Rosália, apongozi a a Silvestro.